Adafuna kuonera mafilimu, adatsegulira mbava khomo

Injiniya wina wa kampani ya LastPass ya ku America adali ndi pulogalamu yotchedwa Plex pa kompyuta yake yapanyumba. Kumaiko akunja pulogalamuyi si yachilendo. Munthu amasunga mafilimu, nyimbo ndi zithunzi pa kompyuta imodzi kunyumba, n'kumazionera pa foni kapena pa wailesi yakanema ali kutali, ngakhale kutsidya kwa nyanja. Akafuna amapatsanso abale ndi anansi mwayi woonera nawo.

M'chaka cha 2022 mbava za pa intaneti zidadzera pa pulogalamu yomweyi n'kulowa m'kompyuta ya injiniyayo. Zitalowa, zidabisamo kapulogalamu komwe kamalemba batani lililonse lomwe munthu wadina. Kenako zidangoti phee, kudikira.

Tsiku lomwe iye adalemba mawu ake achinsinsi otsegulira zinthu za kuntchito, mbavazo zidangowatola ngati mango ogwa okha.

Tsoka ilo, injiniyayu adali mmodzi mwa anthu anayi okha omwe amasunga makiyi a nkhokwe zikuluzikulu za kampaniyo. Ndipo ntchito ya LastPass ndi kusungira anthu mawu awo achinsinsi olowera kubanki, ku imelo ndi kwina kotero. Panthawiyo idali ndi makasitomala oposa 30 miliyoni. Mu Disembala 2022 kampaniyo idavomera kuti mbava zidakopera nkhokwe za makasitomala ake n'kupita nazo.

Nkhaniyi itaphulika, eni ake a Plex adadziyeretsa. Iwo adati bowo lomwe mbavazo zidadzera adali atalitseka kale mu Meyi 2020, ndipo chichokereni nthawiyo adali atatulutsa pulogalamu yokonzedwanso pafupifupi ka 75. Injiniya uja, katswiri wa makompyuta, adali asadasinthe yake kwa zaka ziwiri zathunthu. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Ubwino ulipo

Palibe angatsutse kuti kufikira mafayilo a pa kompyuta yapanyumba uli kutali n'kothandiza. Mwini shopu yotayipa ndi kupanga fotokope pa Mponela, atapita ku Lilongwe kukagula mapepala ndi inki, atha kutenga kalata ya kasitomala yomwe yatsala pa kompyuta osabwerera. Mphunzitsi yemwe ali kumaliro kumudzi atha kutumiza mayeso kusukulu. Mwana yemwe akugwira ntchito ku Johannesburg atha kukonzera makolo ake kompyuta ali komweko, iwo akungoona kamuvi kakuyenda kokha pagalasi.

Kuti izi zitheke pamafunika khomo. Intaneti ikamalowa m'nyumba imadzera pa kabokosi kotchedwa rauta, komwe kamagwira ntchito ngati mlonda wa pageti. Mlondayu amalola za m'nyumba kutuluka ndi mayankho ake kubwera, koma mlendo wongotulukira amamubweza. Munthu akafuna kufikira kompyuta yake ali kutali, amauza mlondayo kuti khomo lakutilakuti lizikhala lotsegula. Makomowa ali ndi manambala ndipo alipo oposa 65,000. Lotumizira mafayilo mwa njira yakale ya FTP ndi 21, logawanira mafayilo pa Windows ndi 445, pomwe loyendetsera kompyuta ya Windows uli kutali ndi 3389.

Marauta ambiri ali ndi njira yotchedwa UPnP yomwe imalola pulogalamu kudzitsegulira yokha khomo, mwini nyumba osadziwa. Vuto ndi loti khomo silizindikira nkhope. Wobwera ndi kiyi, kapena wodziwa kuti loko wake ndi wophotchoka, amalowa chimodzimodzi mwini wake.

Nyimbo zaulere

Zoterezi sizidayambe dzulo. M'zaka zoyambirira za m'ma 2000 mapulogalamu monga Kazaa ndi LimeWire adatchuka kwambiri kaamba ka nyimbo zaulere. Kachitidwe kake kadali kachipereganyu: wotenga nyimbo kwa anzake naye amatsegula foda ya pa kompyuta yake kuti ena azitengamo. Anthu ambiri poika pulogalamuyo amangodina mabatani osawerenga, ndipo foda yotsegukayo imapezeka kuti ndi yomwe muli makalata, zikalata za msonkho ndi zithunzi za banja.

M'chaka cha 2007 kampani yopanga mankhwala ya Pfizer idaulula kuti maina ndi manambala a ziphaso za antchito ake pafupifupi 17,000, atsopano ndi akale omwe, adatayika. Wantchito wina adapita ndi laputopu ya kampani kunyumba, mnzake wapabanja n'kuikamo pulogalamu yogawanira mafayilo. Basi, nkhani idathera pomwepo.

Chaka chomwecho apolisi adanjata bambo wina wa mumzinda wa Seattle yemwe pa LimeWire samasaka nyimbo ayi. Iye amasaka zikalata za msonkho ndi mafomu a ngongole za ophunzira m'makompyuta a anthu, n'kumagula katundu pangongole m'maina awo. Mu Malichi 2008 khoti lidamulamula kukaseweza miyezi 51.

Ngakhale aphungu a Nyumba ya Malamulo ya ku America sadapulumuke. Mu Okutobala 2009 nyuzipepala ya Washington Post idapeza lipoti lachinsinsi la komiti yoona za khalidwe la aphungu, momwe mudali nkhani za aphungu oposa 30 omwe amafufuzidwa. Lipotilo lidatulukira pa kompyuta ya wantchito wamng'ono yemwe amagwirira ntchito kunyumba, pomwenso padali pulogalamu yogawanira mafayilo. Ntchito idamuthera. LimeWire idatsekedwa ndi khoti mu Okutobala 2010, koma mlandu wake udali wa kuba nyimbo za oimba, osati wa zinsinsi za anthu zomwe zidamwazika.

Komwe zidafika posauzana ndi ku Japan. Kumeneko kudali pulogalamu yotchedwa Winny, yomwe adaipanga mu 2002 ndi Isamu Kaneko, katswiri wa pa yunivesite ya Tokyo. Posakhalitsa kudabuka kachilombo ka pa kompyuta kotchedwa Antinny. Kachilomboka kamabisala m'mafayilo ooneka ngati filimu kapena nyimbo, ndipo munthu akangotsegula, kamasonkhanitsa zikalata za pa kompyutayo n'kuziponya pa Winny kuti aliyense atenge. Chifukwa fayilo ikalowa pa Winny imakoperedwa m'makompyuta ambirimbiri, padalibe njira yoibwezera. Madzi akatayika saoleka.

Anthu a ku Japan ndi odziwika ndi kulimbikira ntchito, ndipo ambiri amatenga ntchito ya kuofesi kukamalizira pa makompyuta awo kunyumba. Motero zinsinsi za apolisi, za asilikali apamadzi, za zipatala ndi za makampani zidayamba kupezeka pabwalo. Mu Malichi 2006 Shinzo Abe, yemwe panthawiyo adali mlembi wamkulu wa nduna za boma asadakhale nduna yaikulu, adaima pamaso pa atolankhani kupempha mtundu wonse kuti usiye kugwiritsa ntchito Winny. Nthambi ya zachitetezo idachita kugula makompyuta oposa 50,000 kuti antchito ake asiye kugwirira ntchito ya boma pa makompyuta awoawo.

Kaneko adamangidwa mu 2004 pamlandu wothandizira kuba ntchito za aluso. Khoti lalikulu kwambiri m'dzikomo lidatsimikiza mu 2011 kuti adalibe mlandu, ndipo iye adamwalira mu 2013.

Timabokosi tapashelefu

Nyengo ya LimeWire ndi Winny itatha, makampani adabwera ndi malonda ena: timabokosi tosungira mafayilo tomwe timalumikizidwa ku rauta, kuti banja lizifikira zithunzi ndi zikalata zake lili kulikonse. Chikomekome cha mkuyu.

Mu Febuluwale 2014 anthu ogwiritsa ntchito marauta a Asus adayamba kupeza kakalata kachilendo pakati pa mafayilo awo, kowadziwitsa kuti aliyense padziko lapansi atha kuona zomwe asunga. Bungwe loteteza ogula la boma la America, FTC, lidati zipangizo zosungira mafayilo za anthu oposa 12,900 zidalowedwa. Lidapezanso kuti marauta onse amatuluka kufakitale ndi dzina lolowera komanso mawu achinsinsi ofanana, liwu loti admin. Mu 2016 kampaniyo idavomera kuti akatswiri apadera aziunika chitetezo cha zipangizo zake kwa zaka 20.

Zowawa kwambiri zidagwera eni timabokosi ta My Book Live ta kampani ya Western Digital. Mu Juni 2021 anthu m'maiko osiyanasiyana adadzuka n'kupeza timabokosi tawo tili mbee. Wina wake adatumiza lamulo kudzera pa intaneti loti tifufute zonse. Zithunzi za maukwati, za ana ali makanda ndi ntchito ya zaka zambiri zidapita usiku umodzi. Kampaniyo idali itasiya kukonza pulogalamu ya timabokosito mu 2015, koma timagwirabe ntchito bwinobwino, choncho eni ake sadaone chifukwa chotichotsera pa intaneti. Langizo loyamba la kampaniyo lidali loti azule waya.

Mu Januwale 2022 lidali dzanja la eni timabokosi ta QNAP. Gulu lodzitcha DeadBolt lidakhoma mafayilo awo n'kulamula aliyense kupereka dipo la 0.03 bitcoin, zomwe panthawiyo zidali madola a ku America oposa 1,000. Nkhani ya dipo si yachilendo kwa Amalawi. Mu Febuluwale 2024 Lazarus Chakwera, yemwe adali mtsogoleri wa dziko lino, adauza Nyumba ya Malamulo kuti achiwembu adalowerera makina osindikizira mapasipoti ndipo amafuna ndalama. Ngati boma lidasowa mtengo wogwira kwa milungu ingapo, kuli bwanji banja?

Ndani angandifune ine?

Ambiri amadzitonthoza kuti mbava za pa intaneti zimafuna mabanki ndi anthu achuma, osati munthu wogulitsa soya pa Jenda. Maganizowa amaiwala kuti mbavazi sizisankha nyumba poyamba. Zimachita ngati wakuba woyenda mumsika pakati pa usiku, yemwe amagwedeza loko wa shopu iliyonse kuyambira kumtunda mpaka kumunsi. Za mwini shopu amazidziwa atalowa kale.

Ma adiresi a intaneti a mtundu wakale, omwe akugwirabe ntchito, alipo pafupifupi 4.3 biliyoni. Mu 2013 akatswiri a pa yunivesite ya Michigan adatulutsa pulogalamu yotchedwa ZMap yomwe imatha kugogoda pa ma adiresi onsewa m'mphindi zosakwana 45, pogwiritsa ntchito kompyuta imodzi yokhala ndi intaneti yamphamvu. Iwo adaipangira kafukufuku, koma zida zofanana nayo zili m'manja mwa aliyense. Khomo likatsegulidwa m'mawa, sipatenga nthawi alendo asadayambe kuliyesa.

Umu ndi mmene kachilombo ka WannaCry kadafalikira pa 12 Meyi 2017. Kamadzera pa khomo 445 lija, logawanira mafayilo pa Windows, ndipo m'masiku ochepa kadakhoma makompyuta oposa 200,000 m'maiko pafupifupi 150. Ku England zipatala za boma zidabweza odwala zikwizikwi. Kampani ya Microsoft idali itatulutsa mankhwala ake mu Malichi chaka chomwecho. Omwe adakonza makompyuta awo m'miyezi iwiriyo adagona tulo.

Nanga kuno kwathu?

Pali kachilungamo kena koyenera kunena. Mabanja ambiri kuno amapeza intaneti kudzera pa foni kapena pa karauta ka simukhadi. Kawirikawiri makampani a mafoni amaika makasitomala ambiri kuseri kwa adiresi imodzi, kotero wogogoda kuchokera kunja safika msanga pa kompyuta ya munthu. Umenewu ndi mwayi, ngakhale kuti sudakonzedwere chitetezo.

Koma mwayiwu sugwira ntchito ngati khomo latsegulidwa ndi wam'kati. Mapulogalamu monga AnyDesk ndi TeamViewer, omwe amalola munthu kuyendetsa kompyuta kapena foni ya wina ali kutali, sadikira kuti rauta iwatsegulire. Amatuluka okha kukakumana ndi mnzawo kunja. Chomwe chimafunika ndi nambala yomwe imaoneka pagalasi ndi chilolezo cha mwini wake. Akathyali amaimba foni monamizira kuti ndi a kubanki kapena a kampani ya mafoni, n'kuuza munthu kuti aike pulogalamuyo ndi kuwawerengera nambala kuti amukonzere vuto. Akalola, iwo amaona zonse zomwe iye akuona, kuphatikizapo manambala otsimikizira omwe banki imatumiza pa uthenga. Banki yaikulu ya dziko la India idachita kuchenjeza mabanki za katangale wotereyu mu 2019.

Palinso nkhani ya mmisiri. Kompyuta ikavuta amaitana mnyamata wodziwa za makina, ndipo ena mwa anyamatawa amaikamo pulogalamu yoti tsiku lina adzakonze ali kwawo, osalipira minibasi. Ambiri amachita izi ndi mtima wabwino. Komabe mapulogalamuwa ali ndi njira yolowera popanda mwini kompyuta kuvomereza, ndipo ikasiyidwa yotsegula, kiyi wa nyumba amakhala m'thumba la munthu wina kwa zaka. Foni ya mmisiriyo ikabedwa, kiyi uja wapita nayo.

Njira ina yomwe yafala ndi ya linki. Munthu amaika chikalata pa Google Drive, n'kusankha kuti aliyense wokhala ndi linki atsegule, kenako n'kuitumiza pa WhatsApp. Linki ilibe mwini. Ikachoka pa gulu la banja kupita pa gulu la mpingo, onse atsegula. Ndipo ngati munthuyo adagawa foda yonse m'malo mwa fayilo imodzi, wabwereza kulakwitsa kwa anthu a LimeWire aja, zaka 20 zitadutsa.

Wina atha kufunsa kuti m'kompyuta ya pa Luchenza kapena pa Ntaja mungakhale chiyani chofunika kuba. Muli zambiri. Kompyuta ya pa shopu yotayipa imasunga zithunzi za ziphaso za unzika, masatifiketi a sukulu, makalata ofunsira ntchito okhala ndi manambala a foni, mapangano ogulitsana malo ndi makalata a kuchipatala, zonse za anthu ena omwe adangobwera kudzasindikiza pepala limodzi. Ya mlembi wa banki mkhonde ili ndi maina a mamembala ndi ngongole zawo. Chithunzi cha chiphaso chikafika kwa kathyali, atha kuchigwiritsa ntchito ponamizira kuti iye ndi mwini wake. Ndiye palinso zithunzi za kuchipinda, zomwe zapasula mabanja ndi kuchotsa anthu ulemu.

Malamulo alipo. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limaletsa kulowa m'kompyuta ya wina popanda chilolezo, ndipo la Data Protection la 2024 limalamula osunga mbiri za anthu kuti azizisamala. Bungwe la MACRA lili ndi nthambi yolandira madandaulo a chiwembu cha pa intaneti. Koma mbava yomwe ili kutsidya kwa nyanja, yobisala kuseri kwa makompyuta a anthu ena, wapolisi wa pa Lizulu sangaithamangitse.

Bandulo ndi chitetezo

Pankhani zonsezi, chomwe chikubwerezedwa ndi pulogalamu yakale yosakonzedwa. Apa ndi pomwe pagona vuto la kuno. Kukonzanso Windows kumadya bandulo, ndipo anthu ambiri amazimitsiratu njira yodzikonza yokha kuti ndalama isathe. Enanso amagwiritsa ntchito mapulogalamu okopera kwa anzawo, omwe sakonzeka n'komwe. Microsoft idasiya kukonza Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo thandizo la nthawi zonse la Windows 10 lidatha mu Okutobala 2025, koma makompyuta akaunjika okhala ndi mapulogalamu amenewa akadali pantchito. Kompyuta yotere itha kupitiriza kutayipa makalata ndi kuimba nyimbo popanda vuto. Chosayenera ndi kuisandutsa nkhokwe yofikirika kuchokera kutali.

Kwa yemwe akufunadi kufikira mafayilo ake ali paulendo, nzeru yoyamba ndi kupatula. Apange foda imodzi, aikemo zokhazo zomwe akufuna, zina zonse zikhale kunja. Pogawa, alembe imelo ya munthu yemwe akumupatsa m'malo motulutsa linki ya aliyense, ndipo ntchito ikatha achotse chilolezocho. Mawu achinsinsi omwe adabwera ndi rauta asinthidwe tsiku loyamba. Dzina la mwana ndi chaka chobadwa si chinsinsi kwa aliyense wodziwa banjalo, ndipo mawu amodzi sayenera kutsegula Facebook, imelo ndi kompyuta yomwe. Komwe kuli mwayi woti polowa pazifunikanso nambala yobwera pa foni, autenge.

Mmisiri akamaliza ntchito, si mwano kumufunsa zomwe waikamo ndi kumupempha achotse pulogalamu yolowera kutali mwini wake akuona. Woimba foni wofuna kuti munthu aike pulogalamu ndi kumuwerengera nambala, amudulire, n'kupita yekha kunthambi ya banki kapena kushopu ya kampaniyo. Ndipo zinthu zomwe banja silingapirire kutaya zikoperedwe pa fulashi kapena hard drive yomwe ikatha ntchito imazulidwa n'kusungidwa m'sutikesi. Eni My Book Live omwe adali ndi kope lachiwiri lotere adangotaya kabokosi.

Kwa ogwira ntchito m'boma, m'mabungwe ndi m'masukulu, nkhani ya ku Japan ndi ya Pfizer ikukamba za iwo. Laputopu ya kuntchito ikafika kunyumba imasanduka ya banja lonse: ana aikamo magemu, mlamu akoperamo mafilimu. Mwini wake sadziwa chomwe chalowa.

Za LastPass sizidathere pa kupepesa. Nkhokwe zomwe mbava zidatenga zidali zokhoma, iliyonse ndi mawu achinsinsi a mwini wake, ndipo kampaniyo idati omwe adasankha mawu aatali ndi ovuta asade nkhawa. Koma mbavazo zidali ndi makope m'manja mwawo, zoti zitha kuyesa makiyi usana ndi usiku popanda wozisokoneza. Pofika Seputembala 2023 ofufuza ena adati ndalama za pa intaneti zoposa madola 35 miliyoni zidali zitabedwa kwa anthu oposa 150, ndipo chomwe ambiri mwa iwo adafanana chidali choti adasunga makiyi a ndalamazo ku LastPass. Mu Malichi 2025 zikalata za apolisi a ku America kukhoti zidalumikiza kuba kwa madola 150 miliyoni kwa munthu mmodzi, komwe kudachitika mu Januwale 2024, ndi chiwembu cha mu 2022 pa kampani yosunga mawu achinsinsi. LastPass idati sidaone umboni wogwirika woti kubaku kudachokera kwa iyo.